Kutchula dzina si luso

Ndatopa nawo mawu akuti "walimba mtima". Woimba akangotulutsa nyimbo yotchula nduna ndi dzina, n'kuiuza kuti ndi mbava, mawa lake m'minibasi, m'malo ometera ndi pa Facebook chigamulo chimakhala chimodzi: mnyamatayu ndi dolo, saopa munthu. Palibe wofunsa ngati nyimboyo yapekedwa bwino, kapena ngati tidzaiimbanso chisankho chikadutsa. Tikuyeza oimba ndi muyezo wa asilikali, ndipo oimbawo azindikira kuti kulalata kumalipira msanga kuposa kupeka.

Kulimba mtimako sindikukunyoza ayi. Evison Matafale anafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, atamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula Bakili Muluzi, ndipo wopeputsa zimenezo alibe umunthu. Koma taonani, chimene anamumangira chinali kalata. Nyimbo zake, zimene tikuvinabe mpaka lero, zinkayenda njira ina, ya chilankhulo cha aneneri a m'Baibulo, moti aliyense wolamulira mwankhanza amadzipeza momwemo ngakhale sanatchulidwe. Kalatayo ndani akuikumbukira mawu ake?

Luso limene ndikulilira ine ndi la kuphiphiritsa, ndipo sukulu yake inali pamtondo. Amayi awiri akusinja, misi ikugunda mosinthanasinthana, wina akuyambitsa nyimbo ya "mwamuna wina" amene amagona kumowa pamene nkhokwe ikulira njala. Mwamuna winayo ali pakhonde pomwepo, akusema mpini. Mudzi wonse wamva, wadziwa. Tsono aone chochita: akadzuka ndi ukali, wadziulula yekha kuti ndi iyeyo, akakhala chete, wavomera mlandu. Khomo lotulukira latsala limodzi, ndilo kusintha. Msampha wake ndi umenewo, ndipo unkakola apongozi, nyakwawa, ngakhale mfumu imene yagawa dimba mokondera. Chigayo chinatipeputsira ntchito, inde, koma chinatitsekera bwalo.

Pamenepa pali nzeru yonse ya ulamuliro, ndipo ndi imene ndimaikonda. Mfumu ya pamudzi ilibe apolisi. Mphamvu yake ili mu ulemu umene anthu amaipatsa, ndipo wopereka ulemu angathenso kuulanda. Nyimbo yophiphiritsa imalanda ulemuwo pang'onopang'ono, ngati chiswe m'mzati, koma imamusiyira wolamulira mpata woti abweze mtima asanachite manyazi pagulu. Imamuona ngati mnzathu amene walakwa, woti manyazi akadali nawo. Chachiwiri, chimene kwa ine ndicho chachikulu, nyimbo yotere siweruza. Imabweretsa umboni, n'kuusiya pabwalo, kuti womvera alumikize yekha: kodi akunenedwa apa ndani, ndipo walakwadi? Anthu amati demokalase ndi ufulu wolankhula. Ine ndimati ndi ntchito yoweruza, imene nzika iliyonse iyenera kuigwira ndi mutu wake. Nyimbo yotchula dzina imabwera ndi chigamulo chophikaphika. Womvera amangotsala ndi kuomba m'manja ngati wotukwanidwayo ndi wa chipani chinacho, kapena kuzimitsa wailesi ngati ndi wawo. Palibe amene waganiza.

Gule wamkulu anafika nalo patali luso limeneli. Za kudambwe sindiulula, koma zimene zimachitika pabwalo aliyense amaziona. Simoni, wa nkhope yofiira yopsa ndi dzuwa, amatuluka ndi mayendedwe a mzungu wolamula, anthu n'kumafa nacho chiseko. Maliya amaseweretsa zimene anabwera nazo amishoni. Ku Mua, m'nyumba ya Chamare imene inakula ndi ntchito ya Bambo Claude Boucher, muli nkhope mazanamazana, ndipo zambiri ndi zithunzi za makhalidwe oipa: umbombo, kudzikuza, kulanda za eni. Chilombo sichiima n'kunena kuti umbombo ndi woipa. Chimauvala umbombowo, n'kuuvina mpaka waumbombo amene waima m'gulumo ataseka nawo, kenaka n'kuzindikira mochedwa kuti wadziseka yekha. Ndipo adzamuimba mlandu ndani? Chovinacho si munthu. Oimba athu a lero, amene ali ndi situdiyo, makiyibodi ndi intaneti, ndi angati amene angathe kuvala mawu a nduna yakuba n'kuimba ngati iyo, ikudandaula kuti galimoto yachitatu yachedwa kufika kuchokera ku Durban? Ambiri amangoima patali n'kumaloza chala.

Tiyeni tikumbutsanenso kumene kunachokera mwambo wotchula mayina m'nyimbo za ndale, poti ena akuyesa kuti unabwera ndi ufulu. Nduna zitagalukirana ndi Kamuzu mu 1964, magule athu anasanduka zida. Amayi a mbumba ankavina m'mabwalo akutamanda Ngwazi, ndipo m'nyimbo zomwezo Kanyama Chiume ndi Masauko Chipembere ankatchulidwa poyera ngati zigawenga. Amene ankatchula mayina mopanda mantha nthawi imeneyo anali amene kumbuyo kwake kunali a Payoniya. Kutchula dzina kunali chizolowezi cha wamphamvu. Choncho woimba wa lero akamatchula mdani wa chipani chake, asadziyese mdzukulu wa amayi a pamtondo. Agogo ake ndi ena.

Ndikudziwa chimene andiyankhe. Ati kuphiphiritsa kunali mwana wa mantha. Ati alakatuli a ku Chancellor College ankabisala kuseri kwa Napolo, Chingwe's Hole ndi birimankhwe chifukwa Censorship Board, imene inabwera ndi lamulo la 1968, inkanunkhiza tsamba lililonse, ndipo kuyambira pa 14 Juni 1993, pamene Amalawi anavotera zipani zambiri, palibenso chifukwa choyankhulira m'mikuluwiko. Atinso chophimbacho sichinamupulumutse Jack Mapanje: buku lake la Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981, ndipo mu 1987 anamutsekerabe ku Mikuyu mpaka 1991 popanda mlandu uliwonse kukhoti. Zoonadi. Awonjezerenso kuti kalata ya maepisikopi ya pa 8 Malichi 1992 inalankhula mosapsatira, ndipo inagwedeza dziko kuposa ndakatulo iliyonse. Naponso sinditsutsa. Koma kalata ya abusa ndi kalata ya abusa. Mtolankhani atchule dzina, loya atchule dzina, woweruza atchule dzina pamodzi ndi zaka za kundende. Imeneyo ndi ntchito yawo ndipo tikuwafuna aigwire. Kulakwitsa kwake n'kuyesa kuti chophiphiritsa chinali chishango chabe, choti nkhondo ikatha n'kuchiponya. Monga chishango, chinalephera. Monga luso, ndakatulo zija zikulumabe, ndipo zaluma maboma amene Mapanje sanawalote n'komwe polemba. Nyimbo yotukwana nduna yakutiyakuti imafa tsiku limene ndunayo yachotsedwa pa mpando.

Za nyimbo zongolira kuti zinthu zakwera mtengo sindichedwapo. Mndandanda wa mitengo ya sopo, shuga ndi feteleza uli kale pa golosale, sufunika gitala.

Zotamanda ndiye zimandivuta mwa njira ina, chifukwa zina mwa izo zili ndi luso lenileni. Joseph Nkasa amadziwa Chichewa, amadziwa kuluka mwambi, ndipo Mose wa Lero, imene inamveka paliponse pa kampeni ya Bingu wa Mutharika mu 2009, ndi nyimbo yogwira khutu. Vuto langa lili pa fanizolo. Mose sanasankhidwe ndi mavoti. Anatumidwa kuchokera kumwamba, ndipo amene anamutsutsa m'chipululu nthaka inawameza. Ukamuveka mtsogoleri wa zaka 5 mkanjo umenewo, wawauza anthu kuti kufunsa mafunso ndi kugalukira Mulungu. Tinali kale ndi Mpulumutsi m'dziko muno, ndipo tikudziwa kumene zinathera. Fanizo si chokometsera nyimbo chabe. Limaphunzitsa anthu mmene ayenera kuimira pamaso pa wolamulira, chogwada kapena chilili.

Ndipo n'chifukwa chiyani ukali wonse wa oimba athu umathera pa andale? Bwana wa kampani naye ndi wolamulira. Amalamula nthawi yodzuka, amadula malipiro, amachotsa ntchito, ndipo palibe amene anamuvotera. Koma kampani ndi imene imalipira zoimbaimba za kumapeto a sabata, ndiye pakamwa pamatsekeka. Anansi athu a kumunsi kwa Zambezi anatiposa kalekale. M'minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates, ku Mopeia, Luabo ndi Marromeu, anthu ogwira ntchito yokakamizidwa anali ndi nyimbo ya Paiva, imene Leroy Vail ndi Landeg White anaifufuza n'kuilemba m'mabuku awo. Wina ati wandigwira, poti Paiva ndi dzina la munthu. Linali dzina poyamba, la banja la Paiva Raposo limene linali pa chiyambi cha minda imeneyo. Koma nyimboyo inaimbidwa zaka zoposa 50, eni dzinawo atapita kale, ndipo Paiva anasanduka nkhope ya gule: kapitawo aliyense womenya, sikelo iliyonse yobera, kampani yonseyo. Ankaiimba akapitawo ali pomwepo. Dzina likafika pamenepo lasiya kukhala chala cholozera munthu mmodzi, lasanduka chilombo chimene aliyense wankhanza angalowemo.

Mwayi wotere tinali nawo mu 2013, ndipo tinautaya. Paul Mphwiyo, amene ankayang'anira bajeti ya boma, atawomberedwa pa geti la nyumba yake ku Lilongwe mu Seputembala chaka chimenecho, zinaululika kuti boma linkalipira makampani amene sanagulitse kanthu ngakhale cholembera, ndipo zolembedwa zake zinkafufutidwa mu kompyuta za boma za IFMIS. Lipoti loyamba la ofufuza za ndalama a Baker Tilly linapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi 6 yokha. Apa boma ndi bizinesi zinadyera mbale imodzi: wina wosaina cheke, wina wotsegula kampani ya m'chikwama, wina wa kubanki wosafunsa. Ndalama zinkapezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma a malipiro ochepa. Wopeka akanafunanso chiyani? Koma zimene ndinamva ine zinali kukuwa kokhakokha: akuba, akuba, amangidwe. Zoona zake, koma mwana wa sitandade 3 akanatha kunena zomwezo.

Nyimbo imene ndinkaidikira ndi ya mlonda wa pa geti la mmodzi wa ogwira ntchito m'boma aja. Iye sadziwa IFMIS, sadziwa Baker Tilly. Akudziwa kuti bwana amene chaka chatha ankakwera minibasi ya ku Area 25 tsopano akumuuza kuti asamatsegule buti potsuka galimoto. Akudziwa kuti adona asiya kugula tomato pamsika, kuti abusa akubwera kawiri pa sabata kudzadalitsa nyumba, ndipo amachoka ndi envulopu. Mlondayo sakudandaula, akuyamika, poti mwezi uno amuonjezera K2,000 ndi thumba la ufa. Mlongo wake wabwezedwa kuchipatala kuti mankhwala kulibe, ndipo bwana, munthu wabwino, wamupatsa ya thiransipoti yopitira kumaliro.