Dolores Hart: Kodi Anathaŵa Kanema?

M'chaka cha 1963 mtsikana wa zaka 24, amene dzina lake linali litamveka kale ku America konse, analoŵa m'nyumba ya masisitere a Benedict Woyera ya Regina Laudis, ku Bethlehem m'chigawo cha Connecticut, nasiya ntchito ya kanema. Mtsikanayo ndi Dolores Hart. Mbiri yake imakoma pa guwa, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kuiyesa mofatsa tisanailalike.

Iye anabadwira ku Chicago m'chaka cha 1938. Makolo ake atalekana, anakhala nthaŵi ndithu kwa agogo ake, ndipo agogo aamunawo anali oonetsa kanema. Analoŵa Chikatolika ali ndi zaka 10. Kanema wake woyamba anali Loving You wa 1957, m'mene anaseŵera ndi Elvis Presley, ndipo anaseŵeranso naye mu King Creole m'chaka cha 1958. Anaonekanso pa wailesi ya kanema m'maseŵero a Alfred Hitchcock Presents ndi The Virginian. Makanema ake onse ndi 10, opangidwa m'zaka zosapitirira 7.

Tikawaona makanemaŵa ndi diso la woweruza, sitinganene kuti onse ndi apamwamba. M'makanema aŵiri a Presley anampatsa malo a mtsikana wofatsa, amene ntchito yake ndi kudikira mnyamata kuti abwerere ku nzeru. Francis of Assisi wa 1961, wokonzedwa ndi Michael Curtiz, m'mene iye anali Clare Woyera, ndi amene akhristu amamtchula kaŵirikaŵiri, koma ndi wofooka: umphaŵi wa Francis unavekedwa zoŵala, ndipo Clare amaoneka ngati chithunzi cha pakhoma osati munthu wolimbana ndi abale ake. Luso lake lenileni lili mu Lisa wa 1962. M'menemo ndi mtsikana wachiyuda wopulumuka ku Auschwitz, amene wapolisi wa ku Holland akumthandiza kupita ku Palestine. Pamenepo salankhula zambiri. Mantha ake ali m'maso ndi m'kakhalidwe ka thupi, ndipo woonera amakhulupirira.

Pali njira ziŵiri zolakwika zoŵerengera moyo umenewu. Yoyamba ndi ya ife alaliki. Timafulumira kunena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndiye kuti mtsikanayo anaona kuvunda kwa Hollywood nathaŵa. Koma mbiri ikukana. Ntchito yake inali kuyenda bwino. Anali pa chitomero ndi mwamuna womkonda, amene sanakwatire konse pambuyo pake, ndipo ankamchezera ku nyumba ya masisitere mpaka imfa yake m'chaka cha 2011. Sisitereyo anakhalabe m'bungwe losankha olandira mphotho za Oscar, ndipo anathandiza kumanga bwalo la zisudzo pa malo a masisitere mogwirizana ndi Patricia Neal. Munthu wonyansidwa ndi luso sachita zotero. Chimene anasiya chinali chabwino, ndipo pamenepo ndipo pali nsembe. Kutaya nsomba yoola si nsembe ayi.

Njira yachiŵiri ndi ya kanema wamfupi wa moyo wake, God Is the Bigger Elvis, wokonzedwa ndi Rebecca Cammisa, amene anapikisana nawo pa mphotho ya Oscar m'chaka cha 2012. Kanemayu ndi waulemu, ndipo amaonetsa bwino masisitere ali kumunda ndi m'mapemphero. Koma mutu wake, ngakhale unachokera pa nthabwala ya mwini wakeyo, umasokeretsa. Thomas Aquinas amaphunzitsa kuti Mulungu sali mu mtundu umodzi ndi cholengedwa chilichonse. Sali wotchuka woposa otchuka anzake, monga chambo chiposera usipa pamene zonse ndi nsomba. Tikati mtsikanayo anangosinthanitsa chokoma chaching'ono ndi chachikulu, kuitanidwa kwasanduka malonda. Ndiponso kanemayu amakhalitsa pa tsiku la kusankha, pamene kulemera kwa nkhani kuli pa zaka zotsatira: malumbiro a muyaya m'chaka cha 1970, udindo wothandiza kutsogolera nyumbayo umene anaulandira m'chaka cha 2001, ndi mapemphero a m'Chilatini usana ndi usiku, popanda woombera m'manja.

Aliyense woima pa gombe la Nkopola usiku wopanda mwezi amaona nyali za asodzi pa nyanja. Usipa umathamangira kuŵalako, ndipo chilimira chimauzinga. Kutchuka kumakoka chimodzimodzi, ndipo tisaganize kuti nyali yotere ili ku Hollywood kokha. Mkanjo wa unsembe, ulemu wa kumudzi, mpando wa patsogolo pa maliro ndi pa ukwati, zonsezi zimaŵala kwa mnyamata wa m'seminale.

Choncho funso limene moyo wa Dolores Hart ukutipatsa si lakuti kanema ndi woipa kapena ayi. Iye anachoka pamene anthu ankamuona napita pamene samuona. Ambiri mwa ife kuitanidwa kwatichotsa pobisika n'kutiika poonekera. Amene akuphunzira unsembe, ndi amene akuŵaphunzitsa, adzifunse ngati akanavomerabe pakanakhala kuti palibe woyang'ana.