Amayamba wafunsa asanagwire sipanala

Pa Phwezi, m'mbali mwa msewu wa M1 umene umatsata chigwa cha South Rukuru kulowera ku Chiweta, pali bambo wina wokonza njinga zamoto pansi pa mtengo. Zida zake zonse zimakwana m'kabokosi kamodzi: masipanala angapo, pulayala, sikuludilaiva, kachidutswa ka sandipepala ndi chisanza chakuda bii.

Tsiku lina m'mawa ndinamupeza mnyamata wa kabaza atangofika, thukuta lili kamukamu, akukankha Lifan yotopa. "Adada, ikungozima yokha." Wina akanathamangira kumasula injini. Bamboyo manja anali kumbuyo, mafunso okha akutuluka. Imazima ikazizira kapena ikatentha? Pachitunda kapena pamtsetse? Petulo unathira wa pafiling'i kapena wa m'chigubu? Mnyamatayo anati m'mawa imalira bwinobwino, koma ikayenda kamtunda imayamba kutsamwa mpaka kuzima, ndipo ikapuma imadzukanso.

Mmisiriyo anawerama, khutu pafupi ndi thanki, n'kumasula chivindikiro pang'onopang'ono. Kunamveka kuti fyuu. Kabowo kolowetsa mpweya kanali katatsekeka ndi fumbi. Petulo akamatsika, mpweya umayenera kulowa m'malo mwake. Ukalephera, petuloyo amakakamira m'thanki ngati madzi m'bango lomwe mwatseka ndi chala kumwamba. Anatokosa kabowoko ndi kawaya, nauzira, naponda kiki kamodzi. Njinga inalira. Mnyamata uja anabwera akuopa kuti agula pisitoni, koma ndalama za ufa zinabwerera naye kunyumba.

Chimene chimandigometsa ndi dongosolo lake. Amadziwa kuti injini imafuna zinthu zitatu: petulo wosakanikirana bwino ndi mpweya, moto wa pulagi, ndi mphamvu yopanikiza mkati mwa silinda. Amaziyesa chimodzichimodzi, kuyambira chotchipa. Pulagi amaiwerenga ngati kalata. Nsonga ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, zonse zili bwino. Ikada ndi mwaye wouma, petulo wachuluka, ndipo kawirikawiri mlandu umakhala wa sefa ya mpweya yomwe yadzaza fumbi la m'misewu ya kumidzi. Ikanyowa ndi oyilo, maring'i atha. Ikayera mbuu, petulo akuchepa, injini ikutentha mopitirira. Kenako pulagiyo amaigunditsa pachitsulo cha injini, n'kuponda kiki, n'kuyang'ana: moto wabuluu ndi wamphamvu, wachikasu ndi wofooka.

Zaka zimene mafuta akhala akusowa zamuwonjezera ntchito. Petulo wa m'zigubu amabwera ndi zinyalala, nthawi zina ndi madzi. Iye amamasula kasikuluu ka pansi pa kabuleta, n'kulandira madontho m'kabotolo kowonekera. Madzi ndi olemera kuposa petulo, choncho amakhala pansi ngati mkanda. Jeti yotsekeka amaiuzira, n'kuipenya padzuwa mpaka kuwala kudutse. Saikokota ndi singano, chifukwa bowo likakula njinga imayamba kumwa mafuta ngati chidakwa.

Njinga zakale ndiye amazidziwa ngati ana ake. Yamaha DT 125, yomwe alangizi ambiri anayendera m'midzi, imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, motero ikafooka amayamba waona ngati ekizozi yadzaza mwaye. Njinga zambiri za kabaza zochokera ku China zinatengera injini ya Honda CG125 ya m'zaka za m'ma 1970, imene inapangidwira maiko omwe njinga zimasenza katundu wolemera koma osasamalidwa kwenikweni. Iye akangomva ka "tiki-tiki" pamwamba pa injini yotereyi, amadziwa kuti mavalavu atalikirana, ndipo amadikira izizire kaye asanawachune.

Ntchito ikatha salola munthu kunyamuka msanga. Amadina tcheni ndi chala kuona ngati chikusewera masentimita awiri kapena atatu. Amafinya buleki yakutsogolo, naponda yakumbuyo. Izi salipiritsa. Amadziwa kuti kutsogoloku kuli mitsetse ya Chiweta yokhotakhota kutsikira kunyanja, kumene njinga imayenda pakati pa mathiraki a mafuta ndi a malasha, mayi ndi mwana wakumsana atakhala kumbuyo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa Phwezi kudekhako ndinakuona ndi maso anga. Mnyamata uja akutembenuza njinga kulowa mumsewu, mmisiriyo anali ataimabe, chisanza chili m'manja, mutu utapendekera kumbali, akumvetsera kulira kwa injini mpaka kunazimiririka kuseri kwa phiri.