Kachilembo ka baa ndi madzi ozizira a ku Luwawa

M'ndime ya 6 ya Surah Al-Maida, imene imaphunzitsa Msilamu udhu, kudziyeretsa asanaswali, muli kachilembo kotchedwa baa. Polemba ndi kadzino kakang'ono kokhala ndi dontho limodzi pansi pake, ndipo potchula kamangomveka kuti "bi". Ndimeyi imayamba ndi nkhope, kachilemboka palibe. Imapita pa manja, palibenso. Ikafika pa mutu, ndi ako katulukira, katamatirira kutsogolo kwa mawuwo. Akatswiri a Chiarabu akhala akufunsana kwa zaka zoposa 1,200 kuti kakufuna chiyani pamenepo.

Mungaganize kuti ndi funso la anthu okhuta mpaka mutagona ku Luwawa mwezi wa Juni kapena Julayi. Kumeneko, kummwera kwa mapiri a Viphya, nkhungu imachoka pa damu n'kulowa m'mitengo ya paini, ndipo madzi ogona m'ndowa amaluma zala. Swala ya Subuhi imaswalidwa dzuwa lisanatuluke. Asilamu ku Mzimba ndi ochepa. Ili ndi dziko la Angoni a M'mbelwa ndi Atumbuka, kumene mishoni ya Livingstonia idazika mizu kalekale, monga ku Embangweni. Koma alipo, ena ochita malonda pa boma ndi pa Jenda, ena obwera ndi malole kudzanyamula matabwa. Munthu wotere akanjuta panja m'bandakucha ndi kaketulo kake, amasamba nkhope, amasamba manja mpaka m'zigongono, kenako amanyowetsa zala n'kuzidutsitsa pa tsitsi la pamwamba pa chipumi, chipewa atangochikankhira kumbuyo pang'ono. Amatero mosakayika chifukwa anthu ena adakhala pansi kalelo n'kumufufuzira kachilembo kaja.

Ibn Hisham wa ku Cairo, amene adamwalira mu 1360, adawerenga ntchito 14 zimene baa amagwira m'chiganizo. Zitatu mwa izo ndizo zidagawa maulamaa pa nkhani ya mutu. Otsatira Imam Malik amati baa pano wangobwera kudzatsindika, mukamuchotsa tanthauzo silisintha, choncho pakani mutu wonse kuchokera kutsogolo mpaka kunkhongo. Otsatira Imam Abu Hanifa amatsamira pa zimene adanena Sibawayh, tate wa galamala ya Chiarabu, kuti ntchito yeniyeni ya baa ndi kumamatiza chinthu pa chinzake. Ndiye dzanja limamatire pamutu, ndipo malo amene dzanja limaphimba ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Amawonjezapo hadisi ya Al-Mughira ibn Shu'ba, amene adaona Mtumiki akupaka tsitsi la kutsogolo. Otsatira Imam Shafi'i amati baa akusonyeza gawo chabe, ndipo chitsanzo chawo n'chosavuta: munthu akati wapukuta dzanja pa kansalu, palibe amene amayembekeza kuti wagwiritsa kansalu konse. Kwa iwo ngakhale tsitsi lochepa likwanira.

Chimene chimandigwira mtima ndi mmene amayankhirana. A Malik amafunsa kuti: nanga m'ndime yomweyo, pamene akunena za tayammamu, kudziyeretsa ndi dothi madzi akasowa, baa yemweyo ali pa nkhope, bwanji inu mumapaka nkhope yonse? A Shafi'i sazemba. Amati tayammamu yalowa m'malo mwa kusamba, ndipo posamba nkhope imasambidwa yonse, choncho cholowa m'malo chitsate mwini malo; kupaka mutu sikudalowe m'malo mwa chinthu china. Aliyense amatenga umboni wa mnzake, kuutembenuza, n'kuubweza. Ndipo onse, a Shafi'i omwe, amavomereza kuti kupaka mutu wonse ndiye kwabwino koposa. Mkangano uli pa malire a m'munsi, pamene udhu ungathere osawonongeka.

Chichewa pano chili ndi mwayi wake. Tikati "pakani mutu" timamva mutu wonse, koma tikati "pakani pamutu" kukula kwa malowo sitinatchule. Ka pa kathu kamasiya khomo lotsegula monga mmene baa amachitira.

Kuti Msilamu wa ku Mzimba atsate a Shafi'i ndi nkhani ya njira imene Chisilamu chidadzera. Chidalowa kuchokera ku gombe la Aswahili, kumene madhihabu a Shafi'i, njira ya chiphunzitso chawo, ndiwo adakhazikika. Chidadzera mwa Jumbe Salim bin Abdallah ku Nkhotakota cha m'ma 1840, mwa mafumu a Chiyao monga Makanjila ndi Mataka kuyambira cha m'ma 1870, kenako mwa mashehe oyenda mudzi ndi mudzi, monga Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda, amene adamwalira mu 1930, ndi Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene adamwalira mu 1959. Amwenye amalonda adabwera ndi madhihabu a Abu Hanifa. N'chifukwa chake m'mizikiti ya m'matauni mungaone anthu awiri pa mpopi umodzi akupaka mitu mosiyana, kenako n'kukaima phewa ndi phewa mumzere umodzi.

Luso lenileni limayambira pansi pa zonsezi, pa mizu ya mawu. Mawu ambiri a Chiarabu amamera pa zilembo zitatu. Al-Khalil ibn Ahmad wa ku Basra, mphunzitsi wa Sibawayh, ndiye adayamba kusanja dikishonale yonse motsata mizu, ndipo Ibn Faris, amene adamwalira mu 1004, adayesa kupeza ganizo limodzi kapena awiri amene amamanga mawu onse a muzu umodzi. Tengani q-w-m. Ganizo lake ndi kuima. Pamenepo pamachokera qiyam, kuimirira kwa mu swala. Iqama, kuitana kwachiwiri kumene kumadzutsa anthu kuti apange mizere. Mustaqim, chinthu chowongoka. Ndi Kiyama, tsiku limene akufa adzaimirire. Tsono Qur'an ikamalamula za swala, kawirikawiri sigwiritsa mneni wongoti "swalini". Imatenga muzu uwu n'kuuika mu chikombole chimene chimasandutsa qama kukhala aqama.

Mchewa safunika kumufotokozera nthawi yaitali, chifukwa aneni athu amachita chimodzimodzi: kuima, kuimitsa, kuimika, kuimirira, kuimira. Qama ndi kuima, aqama ndi kuimika. Munthu amaimika chinthu chimene pachokha chikhoza kugwa kapena kupendekeka. Omasulira akale, monga Al-Zamakhshari amene adamwalira mu 1144, adatulutsamo matanthauzo angapo: kuwongola nsanamira za swala kuti pasakhale yokhota, kuisunga mosadukiza, kuichita ndi khama. Onsewa akuchokera m'kachilembo kamodzi kowonjezedwa kutsogolo kwa mneni. Mwalimu wabwino pa madrasa sauza mwana tanthauzo msangamsanga. Amamufunsa muzu, kenako chikombole, kenako amamufunsa kuti mawu akadakhala mu chikombole china akadatanthauza chiyani. Mwanayo amaphunzira kuona chimene chalembedwa pochiyerekeza ndi chimene chikadalembedwa.

Pa mapazi mpamene luso limeneli limaonekera bwino kwambiri. Mu Chiarabu, kamvekedwe ka kumapeto kwa dzina ndiko kamasonyeza ntchito yake m'chiganizo. Mawu a mapazi m'ndime ija ya Al-Maida ali ndi mawerengedwe awiri, onse ovomerezeka. Nafi', Ibn Amir, Al-Kisa'i ndi Hafs, amene misahafu yambiri yosindikizidwa lero imamutsata, amawerenga arjulakum, ndi "a". Ibn Kathir, Abu Amr ndi Hamza amawerenga arjulikum, ndi "i". Papepala kusiyana kwake ndi kamzere kukhala pamwamba kapena pansi pa chilembo. Ndi "a", mapazi amalumpha mutu n'kubwerera kukalumikizana ndi nkhope ndi manja, zimene zimasambidwa. Ndi "i", mapazi amatsata mutu umene wayandikana nawo, umene umapakidwa. Ashia amapaka mapazi. Asunni amasambitsa, ndipo "i" uja amamufotokoza m'njira ziwiri: ena amati dzinalo langotengera kamvekedwe ka loyandikana nalo, monga Aarabu amachitira nthawi zina, ena amati akunena za munthu wovala khufu, nsapato zofewa zachikopa zimene amaloledwa kupaka pamwamba pake.

A Shafi'i adafunsanso funso lina limene wowerenga wothamanga sangaliganize. Ngati mapazi ndi osamba, bwanji sadatchulidwe pamodzi ndi nkhope ndi manja? Mwarabu wodziwa kuyankhula sadula mndandanda wa zinthu zofanana n'kulowetsapo chachilendo popanda chifukwa. Chifukwa chake, iwo amati, ndi ndondomeko: ziwalo zatchulidwa motsata mmene ziyenera kuyeretsedwera, ndiye amene wayamba mapazi n'kumalizira nkhope udhu wake sunatheke. A Abu Hanifa amayankha kuti waw, kachilembo kolumikiza kofanana ndi "ndi" wathu, kamangosonkhanitsa zinthu, sikanena choyamba ndi chotsiriza, choncho ndondomekoyo ndi sunna yabwino koma si lamulo. Ine ndimaona kuti a Shafi'i adamva chiganizocho ndi khutu lakuthwa. Koma za waw a Abu Hanifa akunena zoona, ndipo akatswiri ambiri a galamala ali nawo.

Zimenezi ndizo zimavutitsa womasulira. Qur'an ilipo m'Chichewa, monga kumasulira kwa Shehe Khalid Ibrahim Betala, ndipo m'Chiyao kuli kwa Shehe Muhammad bin Abdul Hamid Silika. Ntchito imeneyi yathandiza anthu ambiri amene amawerenga zilembo za Chiarabu bwinobwino koma osamva. Komabe dzina la Chichewa lilibe mchira wosintha umene unganyamule "a" ndi "i" nthawi imodzi. Womasulira ayenera kusankha, kulemba "sambitsani" kapena "pakani", ndipo mawerengedwe achiwiri aja amatsala kunja kwa chiganizo. Mashehe akamaumirira kuti ophunzira aloweze Al-Ajurrumiyya, kabuku kochepa ka galamala kolembedwa ndi Ibn Ajurrum amene adamwalira ku Fez mu 1323, sikuti akunyoza zinenero zathu. Akufuna wophunzira aziona yekha pamene womasulira adakakamizika kusankha.

Nthawi zina kachilembo kamapepuza mtima. Surah Al-Ma'un imadzudzula anthu oswali amene amanyalanyaza swala, ndipo mawu amene yagwiritsa ndi 'an, osonyeza kutalikira chinthu, osati fi, wotanthauza mkati. Akadakhala fi, aliyense amene maganizo ake adathawirapo ku ngongole ya feteleza ali pa rakaa yachitatu ya swala akadalowa m'chidzudzulocho, ndipo ndani akadatsala? Poti ndi 'an, chikukhudza amene waisiya swalayo kapena kuitaya nthawi yake. Woiwala mkati ali ndi mankhwala ake, masijida awiri owonjezera.

Galamala ili ndi polekezera, ndipo akatswiri enieni amadziwa pamenepo. Mzimba ndi boma la anthu oyenda. Palibe amene sadziwa mabasi a ku Joni. Ndime ya 101 ya Surah An-Nisa imalola wapaulendo kufupikitsa swala, ndipo mneni wa ulendowo ndi wa muzu wa d-r-b, kumenya, chifukwa woyenda amamenya nthaka ndi mapazi. Koma chilolezocho chamangiriridwa ndi in, "ngati": ngati mukuopa adani. Wotsata galamala yokha anganene kuti amene ali pa basi yamtendere yodutsa pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge alibe chilolezo, popeza sakuthawa nkhondo. Funso lomweli Ya'la ibn Umayya adamufunsa Umar ibn Al-Khattab, ndipo Umar adati nayenso zidamudabwitsa mpaka adakafunsa Mtumiki, amene adamuyankha kuti ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, ailandire. Apa hadisi ndiyo idatsegula pamene "ngati" adaoneka kuti watseka.

Ngakhale pamenepo madhihabu adasiyanabe pa kamangidwe ka mawu. Ndimeyo ikunena kuti wofupikitsa alibe tchimo. A Shafi'i amati mawu otere ndi a chilolezo: ukhoza kufupikitsa, ukhozanso kukwaniritsa rakaa zinayi. A Abu Hanifa, potsamira hadisi ya Mayi Aisha yakuti swala idayamba ndi rakaa ziwiri ndipo ya paulendo idatsala momwemo, amati kufupikitsa n'kokakamiza. Mtunda wake kwa a Shafi'i ndi wopitirira pang'ono makilomita 80, ndiye wochoka pa boma la Mzimba kupita ku Mzuzu walowa kale m'gulu la apaulendo, ndipo akhoza kuswali Dhuhr ndi Asr pamodzi, rakaa ziwiriziwiri. Akafika kumene akupita n'kutsimikiza zokhala masiku anayi athunthu, osawerengera tsiku lofika ndi lonyamuka, ulendo wake watha ndipo abwerere ku rakaa zinayi. Mnzake wa madhihabu a Abu Hanifa amene adakwera naye basi imodzi apitiriza kufupikitsa, ndipo aleka pokhapokha atatsimikiza zokhala masiku 15.