Sakwera Satsika, Mzere wa pa Mapu

Ilire mbalule, mpanje avomere! Tikutamanda inu, Mzere Wofiirira wa pa mapu, Chigoneka-mapiri, amene munatenga Mulanje yense n'kumugoneka papepala osamuthyola msana.

Ndinu Sakwera Satsika. Mukanyamuka pa mamita 1,000 mumazungulira phiri lonse, kulowa m'makwawa, kutulukira m'zitunda, n'kudzaluma mchira wanu mukadali pa 1,000 pomwepo. Simukwera, komatu wotiuza msinkhu wa phiri ndinu. Mphwanu ndi kalozera wa m'munda, uja alangizi amatikhomera zikhomo kuti madzi asathawe ndi nthaka.

Ndinu Sadumphana. Mumayenda mondondozana ndi abale anu, wina osaponda mwendo wa mnzake, ndipo wachisanu aliyense ndiye mwini mbumba, wonenepa, wobereka nambala kumsana.

Fulumira, mbalule! Pathanthwe la Chambe mwathithikana ngati mano a chipeso, mpaka wowerenga mapu mawondo kugwedera ali khale pampando. Dekha, mpanje! Kuchigwa cha Phalombe mwatayana, uyu apa, mnzake uko kutali, njinga ya kabaza n'kumangodziyendera.

Mloza-gwero, mukafika pa Likhubula, pa Ruo, pa Thuchila, mumapindika ngati nsonga ya mkondo, nsongayo kuloza kumtunda kochokera madzi. Sanama inu! Wosochera m'nkhungu akakufunsani kolowera mtsinje, mumamuuza osatsegula pakamwa.

Muunjika-nkhata, pamwamba mumasanjika nkhata m'kati mwa nkhata, iliyonse kuchepera inzake, mpaka patsale kadontho ndi nambala yake: Sapitwa, 3,002. Kuwerengako mumayambira kunyanja yamchere, imene ife kuno tilibe (mlendo kutiyezera mapiri athu, ha!). Nyanja ya Malawi mukuti yakhala pamtunda wa mamita oposa 470, pamene Shire potuluka ku Nsanje wangotsala ndi 37.

Tsono ng'oma itsike, ilire chapansipansi. Mdziwa-njira-ya-Napolo, mu 1991 phiri la Michesi litakhutula miyala ndi matope pa Phalombe, agogo anati njoka ija yasamuka. Inu simunayankhe. Makwawa amene inatsikiramo munali mutawalemba kale, timikondo tanu tothithikana tija, nsonga kumwamba, kukamwa kuyasamira midzi.