Dangal: Ndani Anakhoma Citseko?

Filimu ya Dangal ndinaionera kaciwiri mwezi watha pa laputopu ya mnzanga, malaiti atapita kuno ku Ng'ombe. Ulendo woyamba, zaka zapitazo, ndinalira monga aliyense. Ulendo uno ndinali ndi amalume pambali, ndipo iwo sanalire. Amalume anayamba kugwetsana ali mnyamata, kenaka anaphunzitsa ana a m'komboni pa matiresi akale kuseri kwa nyumba, ndipo mawondo atakana anatenga wezulo nakhala refa. Cihindi sacidziwa, mau a pansi pa sikirini sawaona bwino. Iwo amayang'ana miyendo.

Kwa amene simunaione, iyi si wrestling ya WWE ya m'mabala, yodumpha pa zingwe ndi kuphwanyana mipando. Ndi kugwetsana kwa ku Olympics. Filimuyi inatuluka mu December 2016, woitsogolera ndi Nitesh Tiwari. Aamir Khan akusewera ngati Mahavir Singh Phogat wa m'mudzi wa Balali ku Haryana, India, katswiri amene anasiya masewerawa cifukwa ca njala ya pakhomo, n'kumalota mwana wamwamuna wodzatengera dziko mendulo. M'malo mwake akubadwa atsikana anayi. Tsiku lina Geeta ndi Babita akumenya anyamata awiri owanyoza, ndipo bambo akuona cimene anali kucifuna.

Theka loyamba ndi lokoma, sinditsutsa. Kudzuka 5 koloko m'mawa, kuthamanga m'minda, atsikana kuononga wochi kuti agoneko. Pamene Geeta, atabwera kucokera ku akademi ya ku Patiala, akulimbana ndi atate ake m'dothi, amalume anaimitsa filimu. "Bwezako pang'ono, mphwanga. Waona? Sanawagonjetse ndi nzeru za ku sukulu ai. Wadikira kuti mpweya uwathere." Zoonadi, nkhope ya Aamir Khan pamenepo ndi ya munthu amene thupi lamuuza zaka zake pamaso pa mwana wake. Palibe cina m'filimu yonse coposa pamenepo. Cinandiwawa ndi kumeta atsikana tsitsi mokakamiza. Filimu ikuwakhululukira bambo mwamsanga kwambiri: mnzao wokwatiwa ali wamng'ono akuwauza kuti iwo ndi amwai, basi mlandu watha. Inu amene munakulira pa nyumba ya bambo wolota maloto ake pa msana wanu mudziwa kuti sizitha conco.

Koma mlandu wanga waukulu uli kumapeto. Pa fainolo ya Commonwealth Games ya 2010 ku Delhi, kochi wa timu ya dziko, wansanje, akukonza zoti Mahavir akhomeredwe m'kacipinda kuti asaone mwana wake. Geeta akutsalira pa mapointi, ndipo masekondi atatsala pang'ono akuponya mdani wake mokweza n'kupeza mapointi 5. Bambo akudziwa za cipambano pomva nyimbo ya fuko kudzera pa citseko.

Izi sizinacitike. Geeta anatengadi golide pa 55 kg, koma anagonjetsa Emily Bensted wa ku Australia mosavutika, m'zigawo ziwiri zokha. Palibe anakhomera atate ake, ndipo kochi weniweni wa timuyo anadandaula poyera filimu itatuluka. Mudzati mafilimu onse amakometsera. Inde, ndipo kuonjezera masekondi a mantha ndingakuvomere. Citseko cija ndi nkhani ina. Wolemba anaopa kuti masewera pa okha sangatigwire mtima, ndiye anatipangira mfiti.

Apa m'pamene amalume anakwiya, osati cifukwa ca kochiyo, koma cifukwa ca munthu amene filimu ikumuiwala. Refa m'Dangal alipo ngati mpando: akuliza wezulo, akukweza dzanja la wopambana, n'kusowa. Pomwe masewerawa ali m'manja mwa oweruza atatu, wina pa mati, awiri pa matebulo, ndipo awiri mwa iwo ayenera kugwirizana. Wa pa mati amavala kansalu kofiira ku dzanja lamanzere ndi kabuluu kulamanja, n'kumakweza zala kusonyeza mapointi: awiri ukagwetsa mnzako ndi kumulamulira, imodzi akaponda kunja kwa bwalo. Amagona pansi, tsaya pafupi ndi mati, kuti aone ngati mapewa onse awiri agunda. Amalume akuti tsiku lowawa koposa pa moyo wao silinali logonja iwo. Linali tsiku limene anakweza dzanja la mwana wa kwina, pamene wogonja anali mnyamata amene anamuphunzitsa okha, ndipo amake a mnyamatayo anali m'gulu la oonerera. Sanawapatse moni caka cathunthu. Filimu ya maola oposa awiri ndi theka inalibe malo a mphindi ngati imeneyo.

Banja la Phogat lomwelo linatipatsa nkhani yoposa ya citseko. Vinesh Phogat, mwana wa mng'ono wa Mahavir, amene analeredwa ndi kuphunzitsidwa ndi iwo, anafika pa fainolo ya 50 kg ku Olympics ya ku Paris mu 2024. M'mawa wa tsiku la fainolo anakwera pa sikelo napezeka atapitirira ndi magalamu 100. Anacotsedwa, wopanda mendulo iliyonse. Magalamu 100 ndi kapaketi ka shuga ka pa kantemba. Palibe wansanje, palibe kiyi, pali cabe lamulo ndi munthu amene nchito yake inali kuwerenga nambala n'kuinena. Dangal singathe kufotokoza tsiku lotere, cifukwa inatiphunzitsa kuti pa kugonja kulikonse pali wina wobisala kuseri.

Ndikuganiza za a Anthony Mwamba, amene anamwalira mu 2021. Ambiri tiwadziwa monga kochi wa Esther Phiri, koma iwo eni anamenya nkhonya ku Olympics ya ku Seoul mu 1988 ndi kutenga mendulo ya buronzi ku Auckland mu 1990. Nkhani ya Esther ilipo kale pa filimu, Between Rings ya mu 2014. Tsiku limene wina wa inu adzalembe za a Mwamba, kapena za madala ngati amalume, ndidzayang'ana ngati wasiya citseko cotsegula.

Batire inatsala pang'ono kutha pamene nyimbo ya fuko inayamba. Amalume sanadikire. Anapempha kuti ndibweze ku nkhondo ya m'dothi ija, ndipo tinaionera kacitatu mpaka sikirini inazima.