Mawondo asanu a ku Berlin ndi ndowa ya ku Kapondo

M'chaka cha 2010 akatswiri a pa chipatala cha Charité mumzinda wa Berlin ku Germany, pakati pawo Ines Kutzner ndi Georg Bergmann, anatulutsa ziwerengero zimene zimatchulidwa kawirikawiri anthu akamakamba za katundu amene bondo limasenza. Anthu asanu amene mawondo awo anali atatha ndi nyamakazi anaikidwa mawondo achitsulo, ndipo m'kati mwa chitsulocho munali timakina toyeza mphamvu n'kutumiza uthenga ku kompyuta. Zinapezeka kuti munthu akamayenda pamalo athyathyathya bondo limapanikizika ndi mphamvu yowirikiza kulemera kwa thupi lake ka 2.6, akamakwera masitepe ka 3.2, ndipo akamatsika pafupifupi ka 3.5.

Ntchito imeneyi ndi yofunika kuiyamikira. Kafukufuku wambiri wa mtunduwu amangowerengera mphamvu ya m'bondo kuchokera kunja, pogwiritsa ntchito makamera ndi zoyezera zoikidwa pansi, koma apa anayeza m'kati mwenimwenimo. Zotsatira zake zikugwirizananso ndi dandaulo limene alangizi a zaumoyo amamva kwa okalamba, loti kutsetsereka popita kudambo kumawawa kuposa kukwera pobwerera. Chovuta ndi mmene ziwerengerozi zimayendera zikachoka m'manja mwa eni ake. Anthu asanuwo anali achikulire, a mawondo opangidwa kufakitale, ndipo ankayenda chimanjamanja pansi posalala m'labotale. Mayi wa m'dera la mfumu Kapondo ku Mchinji amachoka pamjigo ndowa ya malita 20 ili pankhata, mwina mwana ali kumbuyo, njira ili ya mchenga kapena matope. Amawerama ndi khasu pogalauza mizere, popalira ndi pobandira, amanyonyomala pamoto ndi kuchimbudzi, amagwada popereka madzi kwa apongozi ndiponso kutchalitchi. Madzi okwana malita 20 amalemera makilogalamu 20, kutanthauza kuti mayi wa makilogalamu 50 wadziwonjezera 40 pa 100 pa kulemera kwake. Munthu atatenga chiwerengero cha ku Berlin n'kuchulukitsa, mphamvu ya pabondo ingachoke pa makilogalamu 130 kufika pa 182. Amenewa ndi masamu a papepala chabe, chifukwa wosenza katundu amasintha kayendedwe, ndipo palibe mmodzi mwa asanu aja amene anasenzetsedwa ndowa.

Pali mbali ina ya kafukufukuyu imene siisintha kaya munthu ali ku Berlin kaya ku Kapondo, ndiyo ya chicherewecherewe chenicheni. Kachikuto kameneka kamene kamaphimba nsonga za mafupa m'bondo n'kochindikala mamilimita 2 mpaka 4 okha, ndipo gawo lake lalikulu, pakati pa 65 ndi 80 pa 100, ndi madzi. Mulibe mitsempha ya magazi, mulibenso mitsempha yomvera ululu. Mu 1980 Van Mow ndi anzake ku America anafotokoza mwa masamu mmene madziwo amagwirira ntchito: munthu akaponda, madzi ndi amene amayamba kulandira katundu, kenako n'kumafinyika pang'onopang'ono, ndipo akanyamula phazi amabwereramo. Popeza magazi safika, kufinyika ndi kubwerera kumeneku n'kumene kumathandiza kulowetsa chakudya cha maselo ake ochepawo. Chicherewecherewe chimafuna katundu kuti chikhale bwino. Benedicte Vanwanseele ndi anzake anasonyeza mu 2002 kuti mwa anthu amene anapuwala miyendo atavulala msana, chicherewecherewe cha m'bondo chimapyapyala ngakhale kuti sichikupondedwa n'komwe.

Mfundo imeneyi ikutsutsa mawu amene amamveka kawirikawiri pakhonde la chipatala, akuti mafuta a m'bondo atha, kapumeni. Wodwala akamva choncho amaganiza kuti bondo lili ngati tayala la njinga limene limatha ukamalipalasa, ndiye amakhala pamkeka. Minofu ya pantchafu imafooka, bondo limasowa cholichirikiza, ululu n'kumakula. Ian Wallace ndi Daniel Lieberman a ku Harvard, pamodzi ndi anzawo, anaunika mu 2017 mafupa a anthu oposa 2,500 amene anamwalira ku America. Nyamakazi ya m'bondo inapezeka mwa 6 pa 100 mwa amene anamwalira m'zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, koma mwa 16 pa 100 mwa amene anamwalira kumapeto kwa zaka za m'ma 1900 ndi pambuyo pake. Ataganizira za msinkhu ndi kunenepa, kusiyana kunatsalabe kowirikiza kawiri. Anthu akale aja, amene ambiri ankagwira ntchito zamanja, sanali ndi mawondo oipa kuposa zidzukulu zawo zokhala pampando. Komabe kafukufukuyu asakokedwe kupyola pamene anafika. Pa mafupa ouma ankangoona nyamakazi yofika pomalizira, pamene fupa lapekesana ndi fupa mpaka kusalala ngati mnyanga, ndipo ganizo loti vuto ndi kusayendayenda analipereka ngati chongoganizira, osati chimene anachiyesa. Sakusonyeza kuti khasu ndi mankhwala.

Pankhani ya kunenepa, chiwerengero chotchuka ndi cha Stephen Messier wa ku Wake Forest University, cha mu 2005: kilogalamu imodzi ikachoka pathupi, bondo limapepukidwa ndi makilogalamu pafupifupi anayi pa sitepe iliyonse. Anthu amene anayezedwa anali achikulire onenepa a ku America, ndipo kwa anthu otere uphungu wochepetsa thupi ndi woona. Ndi woonanso kwa ambiri m'matauni a dziko lino, kumene kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 36 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 ndi onenepa kupyola muyeso. Kumudzi chiwerengerocho chinali 17 mwa 100. Agogo owonda amene nkhokwe yawo imatha mu Januwale alibe thupi loti achepetse. Ngati masamu a Messier ali ndi phunziro kwa iwo, lili pa katundu wa pamutu: theka la ndowa maulendo awiri, thumba la feteleza la makilogalamu 50 likwere njinga kapena ngolo, mtedza uchoke kumunda pang'onopang'ono. Limeneli ndi ganizo lomveka, koma Messier sanaliyese, ndipo maulendo awiri ndi masitepe owirikiza.

Kusenza pamutu kunafufuzidwapo, ngakhale kuti osati chifukwa cha mawondo. Mu 1986 Geoffrey Maloiy wa ku yunivesite ya Nairobi ndi Norman Heglund analemba m'magazini ya Nature kuti amayi achiluo ndi achikikuyu amatha kusenza katundu wofika 20 pa 100 ya kulemera kwawo popanda kuwonjezera mphamvu imene thupi limagwiritsa ntchito. Nkhaniyo inakoma m'makutu mwa anthu ambiri, mwina chifukwa inkamveka ngati yoyamikira amayi a mu Africa. Koma amayi oyezedwawo anali owerengeka, ndipo mu 2010 Ray Lloyd ndi anzake atayeza amayi 24 achixhosa ku South Africa sanapeze kuti kusenza pamutu kumapulumutsa mphamvu kwa onse, ndipo ambiri anadandaula za kuwawa kwa khosi. Magulu onse awiriwa ankayeza mpweya umene munthu akupuma. Chimene chimachitika pa chicherewecherewe cha mtsikana amene wayamba kusenza ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri n'kupitiriza mpaka atamera imvi, sanachifunse.

Za kunyonyomala, umboni wotchulidwa kwambiri ndi wa ku Beijing. Yuqing Zhang ndi anzake anapeza mu 2004 kuti okalamba amene ankanyonyomala nthawi yaitali tsiku lililonse ali ndi zaka 25 ndi amene ambiri anali ndi nyamakazi yooneka pa X-ray. Ku England, David Coggon anapeza zofananako mu 2000 mwa anthu a ntchito zogwada ndi kunyamula zolemera. Ubwino wa kafukufuku wa ku Beijing ndi woti anachitika pakati pa anthu amene kunyonyomala ndi moyo wawo wa tsiku ndi tsiku, monga zilili ku Mchinji. Kufooka kwake n'koonekeratu: munthu wa zaka 60 kapena kuposa ankafunsidwa kuti akumbukire maola amene ankanyonyomala zaka 35 kapena kuposerapo zapitazo, ndipo amene bondo likumuwawa lero ndi amene amakumbukira zambiri. Ngakhale umboniwo ukanakhala wolimba, kuuza mayi wa kumudzi kuti asiye kunyonyomala n'kumuuza kuti asiye kuphika. Chothandiza ndi kampando pafupi ndi mafuwa, mtengo wogwirira wozikidwa m'chimbudzi kapena mpando wobowola pakati, ndiponso apabanja kumvetsa kuti mkulu amene wasiya kugwada sanayambe mwano.

Nkhani ya zoika m'nsapato iyenera kukhala chenjezo kwa aliyense wokonda kulumpha kuchoka ku labotale kupita kwa wodwala. Nyamakazi imakonda kudya mbali ya m'kati ya bondo, makamaka mwa anthu a miyendo yokhota ngati uta, ndipo ofufuza a ku Japan anasonyeza mu 2002 kuti mphamvu yokankhira katundu kumbali imeneyo ikakula, matenda amakulanso msanga. Akatswiri anali atapanga kale kachidutswa kokwera mbali ya kunja koika m'nsapato, ndipo pa makina kankachepetsadi mphamvuyo pang'ono. Atakayesa pa odwala, monga anachitira Kim Bennell ku Australia mu 2011, ululu sunasiyane ndi wa amene anavala kachidutswa wamba. Makina anasintha, wodwala osamva kusintha. N'chimodzimodzi ndi zithunzi: John Bedson ndi Peter Croft ataunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2008 anapeza kuti mwa anthu amene X-ray ikusonyeza nyamakazi, omva ululu ankachokera pa 15 mpaka 81 pa 100. Popeza chicherewecherewe sichimva kuwawa, ululu umachokera m'fupa la pansi pake, m'kachikopa kokuta mfundo ndi m'minofu yozungulira. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la NICE ku Britain a mu 2022 amati munthu wa zaka 45 kupita m'tsogolo, amene bondo limawawa akamaligwiritsa ntchito ndipo kuuma kwa m'mawa sikupitirira mphindi 30, angathe kudziwika kuti ali ndi nyamakazi popanda kujambulidwa. Kwa banja loti ligulitse nkhuku kuti lipeze ndalama yoyendera kupita kuchipatala chachikulu pa boma, mfundo imeneyi ndi yamtengo kuposa masamu onse a m'mwambamu.

Malawi ali ndi ziwerengero zakezake, koma zili kumapeto awiri otalikirana. Kumapeto kumodzi kuli kaundula wa anthu oikidwa mfundo zachitsulo, amene anakhazikitsidwa mu 2005 ndipo maopaleshoni ake ambiri anachitikira pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre. Ndi ntchito yonyaditsa, koma imawerenga okhawo amene anafika patebulo la opaleshoni. Kumapeto kwina kuli kafukufuku wa dziko lonse wa Leonard Banza Ngoie ndi anzake, wofalitsidwa mu 2021, amene anaunika anthu 8,548 m'makomo mwawo n'kupeza kuti 9.5 pa 100 ali ndi vuto la mafupa, mfundo kapena minofu lowalepheretsa zina. Iwo anafika kumudzi, koma anaphatikiza zilema zobadwa nazo, ngozi, matenda a mitsempha ndi zina, moti funso la bondo ndi ntchito ya kumunda silinali lawo. Pakati pa awiriwa pali mlimi amene akuyendabe, koma wachepetsa munda chifukwa sangathenso kubandira.

Pamene umboni ukugwirizana, wogwira ntchito zaumoyo ali ndi pogwira. Kulimbitsa minofu ya pantchafu kumachepetsa ululu, ndipo sikufuna makina: kukhala pampando n'kumawongola mwendo, kudzuka ndi kukhala mobwerezabwereza, kuyenda tsiku ndi tsiku pamlingo umene bondo likulola. Ndodo igwiridwe ndi dzanja la mbali imene sikuwawa. Mankhwala monga ibuprofen, diclofenac ndi indomethacin, amene anthu amagula okha m'magolosale ndi pamsika, akamwedwa kwa miyezi amawononga impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba, ndipo ngoziyo imakula mwa okalamba, odwala shuga kapena BP, ndi amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir. Bondo lotupa, lotentha, lobwera ndi kutentha thupi, kapena lotupa kwa miyezi munthu akuonda, lisatchedwe nyamakazi ya ukalamba. Likhoza kukhala mafinya m'mfundo kapena TB, makamaka ngati pali mabala a mphini zatsopano, ndipo wodwalayo atumizidwe msanga kwa dokotala wa mafupa wa pa boma.

Kuyeza bondo la ku Kapondo sikulinso loto. Mu 2023 Scott Uhlrich ndi anzake a ku Stanford anatulutsa njira yotchedwa OpenCap, yowerengera kayendedwe ka thupi ndi mphamvu za m'mfundo kuchokera pa kanema wojambulidwa ndi mafoni awiri. Imafuna mafoni a iPhone ndi intaneti, ndipo iyenera kuyamba yayesedwa pa munthu wovala chitenje chobisa mawondo komanso wosenza katundu amene kompyuta sikumudziwa kulemera kwake. Mchinji inasonyeza kale kuti ingathe kusunga kafukufuku wa zaka zambiri kudzera m'magulu a amayi ndi anthu ongodzipereka, monga zinachitikira ndi MaiMwana, imene zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya Lancet mu 2013. Poyambira pake ndi pa sikelo yoikidwa pamjigo kwa sabata imodzi mu Okutobala ndi ina mu Febuluwale, yoyeza mayi, ndowa yake ndi mwana wa kumbuyo, pamodzi ndi funso la maulendo amene wayenda kuyambira m'mawa.