Za Alendo a Misonkhano ndi Alendo Odwala

Pali mawu amene amveka kawirikawiri masiku ano, akuti mzinda ulemera ndi alendo a mitundu iwiri: obwera ku misonkhano, ndi obwera kudzafuna mankhwala. Ife okhala kuno ku Mchinji, pakhomo penipeni pa dziko, tiyesa kuti mawu awa ayenera kupetedwa, pakuti m'licheromo muli mphale ndi gaga pamodzi.

Za misonkhano sitichulukitsa mawu. Mu 2012 Lilongwe anakonzekera kulandira atsogoleri a mu Africa, koma boma litakana Omar al-Bashir wa ku Sudan, msonkhanowo unasamukira ku Addis Ababa, ndipo eni nyumba za alendo anatsala ndi mabedi oyala. Tivomera kuti a SADC anasonkhana komweko mu 2013 ndi mu 2021. Koma chuma chothawa ndi kalata imodzi sitingachiyese mzati wa nyumba.

Za odwala ndizo zitilemera mumtima. Patsidya pa malire pali chipatala cha Mwami, cha mpingo wa Seventh-day Adventist, chimene chinayamba mu 1927, ndipo anthu a kwathu apitako, makamaka odwala maso. Mkulu wosaona sayenda yekha. Amperekeza mdzukulu womgwirira ndodo, ndi mwana wamkazi womphikira; iwowa alipira galimoto, nasintha ndalama, nagula makala ndi ndiwo. Wamalonda akati ndapindula, sanama ayi. Koma ndalamazo zachokera kuti? Ndiyo mbuzi yogulitsidwa mwamsanga, ndilo thumba la mtedza limene likadalipirira mwana sukulu. Chimene tsidya lija achilemba phindu, ku Mkanda achiona nkhokwe yaphwa. Momwemonso ndi odwala amene boma liwatumiza ku India. Kumwerengera munthu wotere pamodzi ndi alendo oona malo, ife tiyesa ndiko kumseka.

Tsono Mchinji apindulanji? Njanji inafika ku Chipata mu 2010. Chipatayo anakhala mzinda mu 2017. Nyumba yatsopano ya pa malire inatsegulidwa mu December 2022, kuti woyenda asaime kawiri. Zonsezi n'zabwino. Koma mlendo wofulumira sagona pa Boma pathu: agula chimanga chootcha pa zenera la basi, napitirira.

Tikadakonda kuti aphungu athu, asanalote za mahotela, ayambe afunsa mkulu uja chimene chamdutsitsa malire ali wosaona.